Laputopu ya Tikambenji Pansi pa Chitenje

Lachinayi lapitali ndinavala suti yanga ya maukwati, yabuluu ija ambiri a inu mumaidziwa, n'kukwera minibasi pa Palabana kupita kukayendetsa mwambo wa boma. Ndinabwerako suti ili yonyowa, ikununkha munkoyo, chakumwa chathu chija chonga thobwa, ndi pulasitiki wopserera. Mayi a kunyumba atandiona pakhomo anangogwira m'chiuno. "Kodi kunali mwambo kapena ngozi?" Ndinawapempha kuti andipatse kaye mpando.

Inu owerenga tsamba lino mukudziwa kuti kupatula kulemba ndimaweta ting'ombe tingapo, ndiponso ndimagwira maikolofoni pa zochitika. Ndine emusi uja amaitanidwa kuti anthu aziwomba m'manja pa nthawi yake. Ntchito imeneyi ndimaikonda, sindibisa. Koma sabata ino yandichititsa manyazi, ndipo popeza ndinu anzanga, mumva zonse.

Ndili ndi mwana wa mlongo wanga, dzina lake Tikambenji, ife timangoti Tika. Amagwira ntchito pa kaofesi kena ka boma kofufuza matenda a ziweto kuno ku Chongwe. Dzina la kaofesiko sinditchula, ndikufuna azindiitanabe. Ntchito ya Tika ndi nkhupakupa. Chimalizireni sukulu, mtsikanayu wakhala akuzungulira makola a ku Nkomeshya ndi ku Bundabunda, kutukula michira ya ng'ombe za eni, kutola nkhupakupa n'kumaziika m'timabotolo. Kubanja timamuseka kuti anapita ku yunivesite kukaphunzira ntchito imene akakowa amagwira ulere.

Timaseka, koma nkhani yake si yoseketsa. Nkhupakupa ndizo zimabweretsa denkete, matenda aja amatha kupulula khola lonse mvula isanathe. Ndiye mankhwala ena a dibi amene timagula masiku ano, nkhupakupa zinawazolowera, zimangowamwa ngati tiyi. Tika amafufuza kuti mudzi uti mankhwala ati akuphabe, ndipo ati ndi ongotayitsa nthawi. Alimi akhala akumugwirira ng'ombe dzinja ndi dzinja, ena kupondedwa nazo, chifukwa anawalonjeza kuti akamaliza adzawauza mankhwala ogula.

Zonsezo, zithunzi, manambala, mayina a makola, zinali mu laputopu imodzi. Abale inu, laputopu yake! Inabwera ndi pulojekiti ina imene inatha kalekale. Chivindikiro chinali chomanga ndi tepi, mabatani ena anagwa, batire inatupa mpaka chinthucho chimagwedera pa tebulo ngati mphika wopanda pfuwa limodzi. Ikayaka, fani yake imalira moti anthu a chipinda china amadziwa kuti Tika wafika.

Mwina mukuti, bwanji osasunga kwina? Anayesa. Fulashi yake inakatenga mavairasi pa shopu ya fotokope. Kabokosi kena kosungiramo zinthu kanapsa tsiku lina magetsi atabwerera ndi ukali wawo uja. Kuika ntchito ya boma mu imelo yake ndi koletsedwa, komanso zithunzi zinali zambiri zoti sizikanakwanamo. Ndiye analemba, napempha, nadandaula, mpaka boma linamva.

Inde, musaseke. Linamva.

Chakumapeto kwa chaka chatha boma linagulira ofufuza athu chinthu chimene amachitcha klaudi. Tika anabwera kwathu akuwala nkhope kudzandifotokozera.

"Amalume, ni monga nkhokwe ya lendi," anatero. "Ili kutali, mu makompyuta akuluakulu, koma kiyi ikhala na ine. Laputopu ikafa nipeza ina, nilowa na pasiwedi, vonse nivipeza vili bwino."

Ndinafunsa ngati nkhokweyo agula yathuyathu.

"Iyayi, ni ya chaka chimodzi chabe. Isila monga bandulo ya pa foni, musebenzese musasebenzese."

Mawu amenewo muwasunge, owerenga. Chinthucho chimatha chokha, kaya mwachigwiritsa ntchito kaya ayi, ndipo chinayamba kutha tsiku limene boma linalipira.

Tsopano pa kaofesi kaja pali ba Njobvu, osunga katundu. Munthu wabwino, mkulu wa mpingo, sanabepo ngakhale msomali. Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kamodzi: chilichonse chimene boma lagula amayenera achione, achigwire, kenaka atenge burashi ndi penti yoyera n'kulembapo nambala. Wilibala ili ndi nambala. Ketulo ili ndi nambala. Mpando uliwonse uli ndi nambala kunsi kwake. Amati ngakhale mphaka wa pamenepo akaona burashi amakwera denga.

Tika atapita kukawauza kuti katundu wafika, ba Njobvu anadzuka n'kusuzumira panja.

"Yabwela na motoka iti?"

"Siibwela na motoka, ba Njobvu. Ili pa intaneti."

"Manje nambala nizalemba pati? Ba odita bakabwela bazakamba ati tionetseni. Nizabaonetsa chani, mphepo? Mwana wanga, ine nasala pang'ono kupuma pa nchito. Sinifuna kukapumila ku jele."

Ndikuuzeni zoona, ba Njobvu sindiwaseka kwambiri. M'dziko muno tinalipirapo zinthu zimene sizinafike, tonse tikudziwa. Munthu amene akufuna kugwira kaye asanasaine si chitsiru. Vuto ndi lakuti malamulo amene anawaphunzitsa anapangidwira mawilibala, ndipo palibe anabwera kudzawauza chochita ndi katundu wopanda chogwirira.

Koma ba Njobvu anali chiyambi chabe. Mkulu wa ofesiyo ndi ba Mwanza, ndipo pasiwedi inabwera mu imelo yawo. Tika atakaipempha, anamuyang'ana ngati wapempha kulawa keke ukwati usanayambe.

"Chinthu cha boma sichiyamba kusebenza chisanapelekedwe," anatero. "Ufuna bakulu bachoke ku Lusaka kubwela kutsegula chinthu chotsegula kale? Ni ulemu uyo?"

Ndiye panayenera kukhala mwambo wopereka: tenti, mipando, kwaya, riboni, ndi mlendo wolemekezeka. Tsiku loyamba linagwa pa maliro. Tsiku lachiwiri, mlendo anali atapita kunja. Kenaka mvula inakumba msewu. Kenaka anayembekeza ndalama za tenti. Chimanga chinacha, anthu anakolola, kuzizira kunabwera n'kupita, mitengo inayoyola masamba. Nthawi yonseyi nkhokwe ya lendi ija inali yotseka, yopanda kanthu, miyezi yake ikudyeka, ndipo batire ya Tika inali kutupirabe.

Tiime kaye pamenepa. Musafulumire kuloza chala ba Mwanza, chifukwa matendawa tili nawo tonse.

Ndani sanaonepo mjigo watsopano uli womanga ndi tcheni, amayi akutunga madzi kudambo pamodzi ndi ng'ombe, poyembekeza munthu wa tayi adzapope koyamba? Kutchalitchi kwathu tinakhalapo pa njerwa nyengo yathunthu, mabenchi atsopano ataunjikidwa pakona kudikira kudalitsidwa. Nanga kunyumba kwanu, mbale zija zili m'kabati ya galasi munadyerapo liti? Mipando ya pabalaza ija mpaka lero ili m'pulasitiki, mlendo akakhalapo imalira. Mwana timamugulira nsapato n'kumuuza kuti adzavala pa Khirisimasi, Khirisimasi n'kufika phazi litakula. Ife chinthu chatsopano timachiopa mpaka wina wamkulu atipatse chilolezo chochigwira.

Kusiyana kwake n'kwakuti mbale za m'kabati siziwola. Mukhoza kuzisunga mpaka zidzukulu zidzakanganirane. Koma zinthu zimene boma likugula masiku ano zambiri ndi za lendi, zimatha zili chikhalire. Ife tikuzisunga ngati mbale.

Tibwerere ku nkhani yathu. Mwezi uno wotentha tsiku linapezeka, mlendo anavomera, ndipo ine ndinaitanidwa ku msonkhano wokonzekera monga woyendetsa mwambo. Tinagwirizana za mipando, za nkhuku, za ndani adzapemphera. Kenaka mayi wina wa zokongoletsa anafunsa funso limene linatizizira tonse.

"Nanga mlendo azavundukula chani?"



Mwambo wopereka umafuna chinthu, abale. Ngati ndi nyumba mumamanga riboni pakhomo. Ngati ndi thirakitala mumaiphimba ndi nsalu. Nanga chinthu chimene chili m'makompyuta a kutsidya kwa nyanja mumachiphimba bwanji? Wina anati tijambule chithunzi cha makompyutawo tichiike mu felemu. Ba Mwanza anakana, ati akanema amakonda mlendo akadina batani. Kompyuta ya mlembi inali yolemera ndiponso ya zingwe zambiri. Laputopu ya ba Mwanza inali yawoyawo. Ndipamene maso a ba Njobvu anagwera pa miyendo ya Tika, pamene panali laputopu yomanga ndi tepi ija. Zaka zonsezi chinthucho chimawasowetsa mtendere, chifukwa chinali chokhacho pa ofesi chopanda nambala.

"Si iyo apo!" anatero, nkhope ili ngwee. "Nilembapo nambala, nisaina ati katundu nauona, mlendo adina batani. Vonse vasila."

Anthu anawomba m'manja. Tika anaikumbatira laputopu yake.

"Iyayi! Iyi ni yodwala, batire yavimba. Nchito yanga yonse ili umu. Ngati ni choncho nipaseni pasiwedi lelo, nikweze vonse, mawa muchite vamene mufuna."

"Wayembekeza miyezi yonse iyi," ba Mwanza anayankha mokoma mtima, "tsiku limodzi lingakuphe? Mawa, mawa."

Potuluka Tika anandigwira mkono wa jekete. Maso ake anali atafiira.

"Amalume, maiki izakhala na imwe. Nipempha, fulumizani pulogalamu. Iyi ikatentha maningi izafa, na ine nizafa nayo."

Ndinadziguguda pachifuwa. Ndinamuuza kuti ine ndinafupikitsapo ulaliki wa m'busa pa ukwati, za boma sizingandivute. Ndinalankhula ngati mwamuna, ndithu.

Lachinayi linacha ndi dzuwa lija limasungunula phula. Tenti inali ya akuluakulu. Alimi anakhala pansi pa mitengo imene inalibe masamba. Tebulo la chovundukula analiika kutsogolo, panja pa tenti, kuti ojambula apeze kuwala kokwanira. Laputopu anaiyatsiratu m'mawa, popeza imachedwa kudzuka ndipo sakanafuna mlendo adikire. Pachivindikiro pake panali nambala yoyera, penti isanaume bwino. Kenaka amayi a zokongoletsa anabwera ndi chitenje chatsopano, chokhuthala, chisanachapidwepo. Anaiphimba, nafinyira nsalu pansi mbali zonse kuti mphepo isaulule chinsinsi, nabaya mapini, nasanjika maluwa a pulasitiki pamwamba. Kunena zoona, zinakongola.

Mlendo anachedwa, monga mwa ulemu wake. Kwaya inaimba nyimbo zonse zimene imadziwa n'kuyambiranso. Ine ndinanena nthabwala zanga zonse, mpaka zina za pa maliro. Pansi pa chitenje fani inali kulira ngati mwana wotsekeredwa m'nyumba. Tika anayesa kupita kukakweza nsalu pang'ono kuti mpweya ulowe, koma mnyamata wa chitetezo amene anatsogola kuchokera ku Lusaka anamutchinga ndi dzanja.

"Osagwila, madamu. Ivi ni va bwana."

"Ni yanga iyo!"

"Yanu shani, na nambala ya boma ili po?"

Tika anabwerera n'kukaima pafupi ndi mtengo, manja ali pachifuwa, maso ali pa ine.

Dzuwa litapendeka, magalimoto anafika ndi fumbi lawo. Ndinadziuza kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaitana abusa n'kuwanong'oneza kuti pemphero likhale lalifupi. Abusawo anagwedeza mutu kuvomera, kenaka anapempherera dziko, atsogoleri, mvula, ng'ombe, abusa a ng'ombe, ndi nkhupakupa zomwe kuti zileke njira zawo zoipa. Atati ameni ndinadumpha ndakatulo ya ana a sukulu. Aphunzitsi awo anandiyang'ana ngati ndawapha, koma ndinalimba mtima. Ndinadumphanso sewero. Ndinali pafupi kuitana mlendo pamene munthu wina anandikoka jekete kumbuyo: sindinatchule woimira khansala. Ndinamutchula. Iye anamva ngati ndamuitana, ndipo anabwera n'kutenga maikolofoni.

Mukudziwa mmene timalankhulira pa zochitika za boma. Wolankhula aliyense amayamba ndi kulonjera aliyense amene walonjeredwa kale, mmodzimmodzi, ndi maudindo ake onse. Akamaliza amati sadzachulutsa mawu. Pamenepo ndiye dziwani kuti mwagona pomwepo. Woimira khansala atatha, wapampando wa kopaletivu anati ngati uyo walankhula, iyenso alankhula. Ba Mwanza ndinayesa kuwauza kuti angopereka moni, koma anatulutsa mapepala m'thumba la mkati, ndipo ndinaona kuti ndi olemba mbali zonse ziwiri.

Ali pakati pa mbiri ya ofesi yawo, fani ija inasiya kulira.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinaganiza kuti chinthucho chapumula. Ndinatembenukira kwa Tika kuti ndimukwezere chala chachikulu, koma ndinamupeza atanyamula manja pamutu. Pamenepo ndinadziwa kuti kukhala chete kumeneko si kwa mtendere.

Mlendo wolemekezeka anaimirira. Ndisamunamizire, anaoneka munthu wanzeru, ndipo zimene ananena zinali zoona. Anati dziko limene limataya ntchito ya ofufuza ake limayambiranso pa chiyambi m'badwo uliwonse. Anati boma lagula malo otetezeka amene moto, mbala ngakhale mphezi sizingafikeko. Anakweza chala n'kunena kuti kuyambira lero, palibe ntchito ya wasayansi wa ku Chongwe imene idzatayikenso. Tinawomba m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti kafungo kena katayamba kumveka, koma ine ndinaganiza kuti ndi amayi ophika akukolezera moto ndi mapepala a pulasitiki.

Tinapita ku tebulo. Amayi a kwaya ndinali nditawapangira kale kuti nsalu ikangokwera, nthungululu. A ng'oma chimodzimodzi. Mlendo anachotsa maluwa, nalimbana ndi mapini, nakoka chitenje.

Utsi tolo!

Amayi anamvera malangizo anga. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ng'oma zinagunda, ojambula anajambula. Mlendo anaima chala chili m'mwamba, akufunafuna batani pakati pa utsi, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa kanthawi anaganiza kuti ndi mmene zinthuzi zimayambira. Laputopu inali itayasama m'mbali, batire ikutulutsa timoto tobiriwira ndi kafungo koti mphuno kuwawa.

"Katundu wa boma!"

Anali ba Njobvu. Sindinadziwe kuti mkulu uja amatha kuthamanga. Chimene chinali pafupi chinali chidebe cha munkoyo wa alendo. Anachinyamula ndi manja awiri, khuthu! Theka linagwera pa laputopu, theka pa suti yanga. Chinthucho chinalira ngati nsomba yoponyedwa m'mafuta, kenaka chete. Timisere ta chimanga tinali kuyenderera pa mabatani.

Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Mayi mmodzi wa kwaya amene anali kumbuyo anapitirizabe nthungululu yekha mpaka mnzake anamugunda ndi chigongono.

Apa ndiye ndinaona luso la ba Mwanza. Mosataya nthawi anamugwira mlendo pa chigongono n'kumutembenuzira ku chitseko cha chipinda cha ba Njobvu, pamene amayi anamangapo riboni yongokongoletsa. Lumo linapezeka. Riboni inadulidwa. Ba Mwanza anandinong'oneza, "Ba Sakala, manja." Ndipo ine, malume wake wa Tika, munkoyo ukutsika m'khosi mwa malaya, ndinakweza maikolofoni n'kunena kuti, "Manja, manja kwa mlendo wathu!" Pakamwa panangotseguka pokha. Anthu anawomba.

Kenaka panafika gawo lomaliza la pulogalamu: kupereka pasiwedi kwa wofufuza. Anamuitana Tika. Anabwera atanyamula laputopu kukhwapa, ikudontha. Mlendo anamugwira chanza, ba Mwanza anamuonetsa pasiwedi pa foni yawo, wojambula anati amwetulire, ndipo mwana wa mlongo wanga anamwetulira. Ndayendetsapo maliro ambiri, koma kumwetulira kumene kuja kunandipweteka kuposa kulira kulikonse.

Anthu akudya, mayi wina wachikulire wa ku Bundabunda anandipeza kuseri kwa tenti ndikupukuta jekete. Ndi wamasiye, ali ndi ng'ombe zitatu, ndipo Tika wakhala akupita ku khola lake kuyambira pachiyambi. Anagwada pang'ono mwaulemu.

"Ba Emusi, tamva ati vonse vasungika bwino manje. Zikomo. Nanga mankhwala tigule ati chaka chino? Mwana uja anati azatiuza."

Ndinamuuza kuti akatenge chakudya chisanathe.

Lachisanu Tika anaikulunga laputopu m'chitenje chomwe chija n'kukwera nayo minibasi ya ku Lusaka, ataifukata pamiyendo. Wokonza makompyuta wa m'tauni anaitsegula, nainunkhiza, namuyang'ana.

"Ba sisi, iyi munaiphika olo munaifulula?"

Anayesetsa tsiku lonse. Kachipangizo kosunga zinthu kanali moyandikana ndi batire, ndipo kanapsa nayo limodzi. Chimene chatsala ndi timabotolo ta nkhupakupa zakufa, malipoti angapo akale, ndi zimene Tika akukumbukira m'mutu. Mutu wake ndi wabwino, koma sungasunge khola lililonse la ku Nkomeshya ndi ku Bundabunda, dzinja ndi dzinja. Kuti ayankhe alimi mosawanamiza ayenera kuyambiranso kutukula michira.

Ndakwiya, owerenga, ndipo sindibisa. Sindikukwiyira kuti boma linagula klaudi. Linachita bwino, likanagula kale. Ndakwiya chifukwa tinagula chinthu cha masiku ano n'kuchilandira ndi miyambo ya thirakitala. Kodi n'zovuta kuti amene amalemba malamulo a kagulidwe awauze a Njobvu a m'dziko muno kuti katundu wina saoneka, ndipo umboni wake ndi wakuti akugwira ntchito? Kodi mlendo wolemekezeka angachepe ulemu atabwera kudzaona chinthu chikuthandiza kale anthu? Ine ndikanakhala iye ndikanakonda kudula riboni pa khola la ng'ombe zamoyo. Tenti sithawa, kwaya sithawa, ine ndi suti yanga sitithawa. Chimene chimathawa ndi miyezi imene talipira.

Ndipo yathawadi. Lendi ya nkhokwe ija ikutha mvula ikamakhazikika. Kuti aiwonjezere, ati ziyenera kupitanso ku tenda, makampani apikisanenso mitengo. Ba Mwanza andiuza kale kuti ndisalonjeze anthu ena suti yanga chaka chamawa. Ba Njobvu okha ndiwo akugona tulo tabwino: katundu anamuona, anamulemba nambala, anamupulumutsa ku moto, ndipo tsopano wakhala pa shelefu m'chipinda chawo, nyerere zikumuyendera chifukwa cha munkoyo.

Lamulungu Tika anabwera kudzadya nafe. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Titatha kudya anatulutsa foni.

"Bwelani muone, amalume. Isebenza bwino maningi."

Analowa ndi pasiwedi ija. Chinthucho chinatseguka msangamsanga, chokongola, malo ake aakulu oti nkhupakupa zonse za m'chigawo chino zikanakwanamo ndi mayina a makolo awo. Munali chikwatu chimodzi chokha. Ba Mwanza analamula kuti muikidwe kanthu, kuti a ku Lusaka akayang'ana aone kuti chikugwiritsidwa ntchito. Ndiye anaikamo zithunzi za mwambo.

Zonse zilimo. Tenti, maluwa a pulasitiki, mlendo ndi lumo lake, Tika akumwetulira. Utsi anaudula. Ndilimonso ine, maikolofoni ili m'manja, kukamwa kuli yasa, ndikuitanitsa manja. Zithunzi zimenezi ndi zotetezeka kwambiri. Moto sungazifike, mbala singazibe, mphezi singaziwombe.

Mitambo yayamba kusonkhana kum'mawa, udzu uphuka posachedwa, ndipo nkhupakupa zikubwera nawo. Mayi wa ku Bundabunda uja adzabweranso ndi funso lake lomwe lija, chifukwa tinamuuza pa maikolofoni kuti zonse zasungika. Ndiuzeni inu, owerenga, akadzafunsa mankhwala ogula, tidzamuonetse chithunzi chiti?